Kukonzanso Mkati mwa Boti Lakale la Thanga pa Gombe la Mangochi

Kuseri kwa makoteji ndi malo ogona alendo, kuyambira cha ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, kuli timaboti ta thanga tomwe tinagonekedwa pansi pa mitengo zaka zambiri zapitazo. Eni ake ena anabwerera kwawo, ena anangotopa nato. Langa ndinalipeza chomwecho: boti la faiba lotalika mamita 6 ndi theka, lokhala ndi kachipinda kogona anthu awiri, litakhazikidwa pa matayala akale pansi pa mtengo wa mango. Nditakankha chitseko cha kachipindako, fungo la chuku linandimenya kumaso. Pansi panali madzi obiriwira ofika m'kakolo, kudenga zisa za mavu, ndipo thabwa la bedi nditaliponda phazi linangolowa ngati ndaponda papaya lakupsa.

Musathawe mukaona zotere. Chigoba cha faiba chimapirira zaka zambirimbiri. Zimene zimafa ndi zamkati: plywood, matabwa, mawaya, fomu. Zonsezi munthu wodekha, wodziwa kugwira sowo ndi pulena, akhoza kuzikonza yekha. Koma pali dongosolo limene simuyenera kulisokoneza: choyamba tsekani madzi, kenako limbitsani mafupa a boti, ndipo zokongoletsa zibwere kumapeto. Ine chaka choyamba ndinayambira kumapetoko. Ndinapenta, ndinasoketsa makushoni okongola, koma mvula yoyamba ya mu Disembala inalowera pa mawindo n'kuwononga ntchito ya miyezi iwiri m'masabata atatu okha. Ndikulemba izi kuti inu zisakuchitikireni.

Nthawi yoyambira

Yambani mu Meyi mvula ikatha. Miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi yabwino pa ntchito ya resin (guluu wamadzimadzi woumbira faiba) ndi penti chifukwa kumakhala kozizirirako. Mukachedwa mpaka Okutobala, kutentha kwa Mangochi kumapitirira madigiri 35, mkati mwa kachipinda mumakhala ngati mu uvuni, ndipo resin amakuumirani m'chitini musanamalize kupaka. Nyengo yozizirayi ndi ya mwera, womwe umanyamula fumbi ndi mchenga, choncho zopakapaka zonse muzichita m'mawa mphepo isanadzuke.

1. Likwezeni, liimike mowongoka

Kokerani boti kumtunda ndithu, osati m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Tonse tinaona mu 2024 mmene nyanja inakwerera n'kulowa m'mabwalo a malo ogona alendo ambiri kuno. Likhazikeni pa ngolo yake kapena pa zogwiriziza zolimba, ndipo mitengo yogwirizizayo isakhudze dothi mwachindunji. Ikani lata kapena njerwa za simenti pansi pake, apo ayi chiswe chipeza njira n'kukwera mpaka mkati. Kokani tenti pamwamba kuti pakhale mthunzi, koma kutsogolo ndi kumbuyo musiye potseguka kuti mphepo izidutsa.

Tsopano liwongoleni. Kunja kwa chigoba kumakhala mzere woonetsa pamene madzi amalekezera boti likamayandama. Tengani payipi yapulasitiki yoonekera mkati, ija amagwiritsa ntchito amisiri omanga nyumba, muithire madzi, ndipo muyerekeze mzerewo kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, mpaka paliponse pafanane. Mukapanda kutero, mashelefu ndi mabedi anu adzaoneka owongoka pamtunda koma opendekeka pamadzi, ndipo mudzagona mutu uli kunsi.

Gwetsani mlongoti musanachotse kalikonse mkati. Chifukwa chake ndifotokoza pa gawo lachinayi.

2. Jambulani, kenako gumulani

Jambulani ndi foni kona iliyonse musanamasule sikuluu ngakhale imodzi. Pakadzatha miyezi itatu simudzakumbukira kuti waya uja ankadutsa pati. Mavu muyambe mwathana nawo usiku, ndipo musalowetse dzanja m'mabowo amdima musanaunikemo ndi tochi, poti boti logona pansi pa mtengo limakhala nyumba ya njoka ndi zinkhanira.

Chotsani zonse zofewa: fomu yakale, kapeti, nsalu yomatidwa kudenga. Matabwa owola achotseni mosamala, athunthu ngati n'kotheka, muwalembe manambala ndi choko n'kuwaunjika pambali. Musawaotche. Ngakhale thabwa litawola chotani, mpangidwe wake ndi chikombole cha latsopano, ndipo lidzakupulumutsani maola ambiri oyeza.

Kapani madzi onse, tsukani ndi sopo ndi burashi yolimba, kenako pukutani ndi JIK wosungunula, kapu imodzi pa makapu 10 a madzi, kuti chuku chife. JIK asasakanizidwe ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, chifukwa amatulutsa mpweya woopsa, makamaka m'kachipinda kothina chonchi. Mukatero tsegulani zitseko zonse, boti liume masabata awiri kapena kuposa.

3. Sakani pamene madzi akulowera

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndikupemphani musathamange.

Anthu ambiri amaganiza kuti madzi a m'boti amachokera pansi, kunyanja. Kawirikawiri amachokera kumwamba. Ndi mvula, mame ndi mafunde ogwera padenga. Komanso dziwani kuti nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere. Ku nyanja zamchere monga ku Beira kapena ku Durban, mchere umachedwetsako kuwola kwa thabwa. Kuno kulibe chotitchinjiriza chotero. Madzi opanda mchere, kutentha, ndi malo osadutsa mphepo: chuku ndi kuwola sizifuna china choposa pamenepa.

Mufunika munthu wina wokuthandizani. Inu lowani mkati ndi tochi ndi choko, mutseke chitseko. Mnzanuyo akhale kunja ndi payipi kapena ndowa, azithira madzi malo amodzi kwa mphindi zingapo asanasunthe. Ayambire mmunsi n'kumakwera pang'onopang'ono. Akayambira pamwamba, madzi amayenderera paliponse ndipo simudziwa kuti alowera pati. Ine anandithandiza mwana wa mchemwali wanga. Ndinkamva akufuula kunja, "Malume, ndili pa windo lakumanja tsopano!" ndipo ine mkati ndinkaona kadontho kakutuluka pa sikuluu, kutsetsereka kuseri kwa thabwa, n'kukagwera pafupifupi mita imodzi kutali ndi pamene kanalowera. Ndiye chinyengo cha madzi chimenecho: pamene mwaona chinyontho sipamene pali bowo. Ngati mukukayika, jambulani mizere ya choko yopingasa pakhoma lamkati. Dontho likadutsa limafufuta mzerewo, ndipo mumalitsata chokwera mpaka kugwero.

Malo okayikitsa ndi omwewomwewo pa maboti onse akale: m'mphepete mwa mawindo, chitseko chapadenga, pa phazi la mlongoti, pa zitsulo zimene zingwe zogwira mlongoti zimamangiriridwa, pa mabawuti a chilichonse chomangidwa padenga, ndi pa msoko umene denga limakumana ndi chigoba.

Mukapeza podontha, musangopakapo silikoni pamwamba. Zimenezo zimagwira mwezi umodzi, ndipo silikoni amasiya mafuta amene amakaniza china chilichonse kumata pambuyo pake. Masulani chinthucho chichoke, palani zomatira zakale zonse, pukutani ndi acetone (mankhwala ochotsera mafuta ndi zomatira), pakani chomatira cha polyurethane kapena tepi ya butyl pansi pake, n'kumanganso. Acetone asakhudze mawindo apulasitiki, amawachititsa khungu. Pomanga bawuti, gwirani mutu wake usazungulire, muzizunguliza nati yokha kunsi, kuti chomatira chisachoke m'bowo.

Madenga ambiri a maboti a faiba ali ngati sangweji: faiba pamwamba, faiba pansi, pakati thabwa lopepuka kapena plywood. Madzi akalowera pa bawuti, chapakaticho chimawola osaoneka. Tengani chigwiriro cha sikuludiraiva muzigogoda denga lonse. Pabwino pamalira kuti go go go. Powola pamangoti phu phu, ndipo mukapondapo pamabonyoka. Ngati malowo ndi aang'ono, dulani faiba wamkati kuchokera kunsi, kokolani zowolazo, umitsani, matani plywood watsopano ndi epoxy (mtundu wa resin womata mwamphamvu), n'kutsekanso ndi faiba. Ndipo bowo lililonse la bawuti limene likudutsa pa sangwejiyo, libooleni lalikulupo, mulidzaze epoxy wolimbitsidwa, akauma mubooleponso kabowo koyenera pakati. Mukatero, ngakhale madzi atalowa sakhudzanso thabwa.

Pomaliza yang'anani pansi penipeni. Ngati boti lanu lili ndi chitsulo cholemera chapansi chomangidwa ndi mabawuti, onani ngati manati ake adyeka ndi dzimbiri kapena ngati pali ming'alu mozungulira. Ngati lili ndi thabwa lotsitsa ndi kukweza pakati, fufuzani bokosi lake, makamaka pa bawuti imene thabwalo limazungulirapo. Zimenezi zikakhala zokayikitsa, itanani wodziwa. Safunsa anadya phula.

4. Mafupa a boti

Makoma a plywood opingasa mkati mwa boti si ogawa zipinda chabe ngati a m'nyumba. Ndi amene amagwira chigoba kuti chisapindike. Khoma la pansi pa mlongoti, kapena mzati umene uli pamenepo, limasenza mphamvu yonse imene mlongoti umakankhira pansi thanga likadzaza mphepo. Makoma a m'mbali nthawi zambiri ndi amene zitsulo za zingwe za mlongoti zimamangidwapo. N'chifukwa chake ndinati mugwetse mlongoti. Mukachotsa khoma limeneli mlongoti uli chiimire, denga limatitimira. Ndipo ngakhale mlongoti utagwetsedwa, chotsani khoma limodzi, muikepo latsopano, kenako linalo. Mukachotsa onse nthawi imodzi chigoba chimataya mpangidwe wake.

Bayani thabwa lililonse ndi nsonga ya sikuludiraiva, makamaka mmunsi ndi mozungulira mabawuti. Ikalowa mosavuta, thabwalo lapita. Onaninso timizere ta faiba tomwe timalumikiza khoma ku chigoba. Tikamatuka, mpeni umalowa kuseri kwake.

Nkhani ya plywood ndi yovuta kuno. Woyenera ndi plywood wa maboti, amene wabwino amakhala ndi chidindo cha BS 1088. Sapezeka wamba, mwina mukamufunse ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Ngati simumupeza, gulani plywood wa panja womatidwa ndi guluu wosasungunuka ndi madzi, amene amaoneka ngati timizere takuda m'mphepete. Musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa pokha. Dulani kachidutswa, kaphikeni mumphika maola awiri kapena atatu, kaumitseni padzuwa, mubwerezenso. Kakakhala kosamatuka, gulani. Chipboard, MDF ndi blockboard zisalowe n'komwe m'boti, zimafufuma ngati buledi woviika mu tiyi. Pa boti la msinkhu uwu, plywood wa mamilimita 12 amakwanira pa makoma osenza katundu, wa 9 pa mabedi, wa 6 pa zitseko za makabati. Pepala limodzi limakhala mamilimita 2440 kwa 1220, choncho jambulani zidutswa zonse papepala kaye kuti muone mmene zikwanirane musanadule.

Pa matabwa a m'mphepete ndi zogwirira, mlombwa ndi mbawa ndi zabwino, koma mitengoyi yatha m'nkhalango zathu. Ine ndinagula zitseko ziwiri zakale za mlombwa zochokera pa nyumba yogumulidwa. Thabwa lake linali louma gwa, losapindikanso, ndipo palibe mtengo wina unagwa chifukwa cha boti langa. Wina akakubweretserani mkungudza wa ku Mulanje, mukane. Kale unkakhomera maboti, koma lero watsala pang'ono kutheratu paphiripo. Paini amagwira ntchito pa timitanda tamkati, bola akhale wouma ndi wopakidwa mbali zonse.

Ngati thabwa lakale silingakhale chikombole, gwiritsani ntchito makatoni. Dulani, yesani, chepetsani, matani kachidutswa pamene mwadula mopitirira, mpaka katoni itsatire kupindika kwa chigoba. Kenako jambulani pa plywood. Khoma lisathine. Siyani mpata wa mamilimita 5 kapena 6 pakati pa m'mphepete mwake ndi chigoba. Likagunda chigoba mwachindunji limapanga malo ouma amene faiba amayamba kung'alukira mafunde akamamenya.

Pali mkulu wina wokhoma maboti amatabwa a asodzi pa gombe lathu amene ankabwera madzulo kudzaona ntchito yanga. Tsiku lina anandipeza ndikupaka plywood pamwamba ndi pansi. Anatenga chidutswa, nayendetsa chala chake m'mphepete modulidwamo. "Achimwene, thabwa silimwera pamimba, limamwera m'mphepete umu," anatero. "Mukasiya umu, mwagwira ntchito yachabe." Ndinayankha kuti, "Zikomo bambo, ndamva," ndipo kuyambira tsiku limenelo m'mphepete monse ndimapaka resin katatu, mpaka thabwa lileke kumwa. Chitani chimodzimodzi, ndi m'mabowo a masikuluu momwe.

Tsopano kulumikiza khoma ku chigoba. Palani chigoba ndi gulainda kapena msasa wokhakhala, chigawo cha masentimita 10 mbali zonse, mpaka penti yense achoke muone faiba weniweni. Fumbi lake ndi loipa. Valani chotchinga pamphuno chenicheni osati kansalu, magalasi, ndi malaya a manja aatali. Mukamaliza sambani madzi ozizira musanadzikande. Pukutani malowo ndi acetone. Sakanizani resin ndi utuchi wosefa bwino mpaka akhale ngati chiponde, mudzaze mpata uja, n'kusalaza ndi kumbuyo kwa supuni kuti pakona pakhale pozungulira. Faiba sagwira pa kona yakuthwa, amasiya mpweya kunsi. Pamwamba pake yalani timizere ta nsalu ya faiba, tiwiri kapena titatu, tosiyana kukula kwake, mbali zonse za khoma. Nyowetsani ndi burashi mochita kudinda, osati kukoka, mpaka kuyera konse kuthe nsalu ioneke mkati. Pamene patsala poyera pali mpweya.

Resin alipo wa mitundu iwiri. Polyester ndi wotsika mtengo, amapezeka kwa okonza magalimoto ndi maboti, ndipo ndi amene chigoba chanu chinaumbidwira. Amauma mukathira mankhwala a MEKP, pakati pa 1 ndi 2 pa 100 aliwonse, kutanthauza mamililita 10 mpaka 20 pa lita imodzi. Kuno kotentha khalani chakumunsiko. Yezani ndi sirinji, osati ndi maso, ndipo dontho la MEKP lisayandikire diso, limachititsa khungu. Epoxy ndi wodula koma amamata mwamphamvu pa thabwa ndi pa faiba wakale, ndipo salowetsa madzi. Iye safuna kuchenjera: muyezo umene walembedwa pachitini ndi womwewo, simungawonjezere kapena kuchepetsa kuti aume msanga. Ngati ndalama ndi zochepa, epoxy apite pa makoma osenza katundu ndi pa zitsulo za mlongoti, polyester pa zotsalazo. Kumbukiraninso kuti epoxy amagwira pamwamba pa polyester, koma polyester sagwira bwino pamwamba pa epoxy. Faiba wa ulusi womwazika, wosalukidwa, ndi wa polyester. Pa epoxy gulani nsalu yolukidwa.

Sakanizani pang'onopang'ono, theka la kapu nthawi imodzi, m'mbale yotambalala. Resin wambiri m'chitini chakuya amadzitenthetsa yekha. Ine ndinaona chitini chikufuka utsi m'manja mwanga masana ena, n'kuchiponya pamchenga chitatentha ngati chachoka pamoto.

Chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala: mmunsi mwa khoma lililonse, pamene pali potsika kwambiri, siyani kabowo kotha kulowa chala chachikulu, kuti madzi onse aziyenderera kukasonkhana malo amodzi pamene mungawakape. Kabowoko kapakeninso resin.

5. Kakonzedwe ka mkati

Mafupa akalimba, musathamangire sowo. Lowani mkati ndi makatoni ndi ndowa yokhalira, mukhale momwemo madzulo angapo. Gonani pamene mukufuna bedi. Khalani tsonga muone ngati mutu ukugunda. Munthu wamkulu amafuna bedi lotalika mamita 1.9 ndi mulifupi masentimita 55 kapena 60, komanso mpata wa masentimita 90 kuchokera pa kushoni kufika kudenga kuti akhale momasuka.

Chiyeso chachikulu ndi kufuna kumanga nyumba m'boti: makabati aatali, tebulo lolemera, matayilosi. Kanani. Pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira pamene sitima ya Viphya inagubuduzika ndi namondwe mu 1946. Ngati nyanja iyi inatha kugwetsa sitima yachitsulo, kaboti ka mamita 6 kasamapatsidwe katundu wa kumwamba. Chilichonse cholemera, batire, madzi akumwa, zida, nangula wapadera, chikhale pansi ndi pakati pa boti. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho zigubu ziwiri za malita 20 zikakhala mbali imodzi, boti layamba kale kupendekeka musanakweze thanga. Kutsogolo kwenikweni ikani zopepuka zokha monga matanga ndi zofunda.

Mafunde a mwera ndi aafupi, otsatizana, ndipo amagwedeza boti laling'ono mopanda chisoni. Chilichonse chosamangidwa chimauluka. Shelefu iliyonse ikhale ndi mlomo wa masentimita 5 kapena kuposa. Zitseko za makabati zikhale ndi zokowera zenizeni, maginito satha. Makona onse azungulizeni ndi msasa, poti tsiku lina nthiti zanu zidzagwera pamenepo. Ikani zogwirira zamatabwa kudenga ndi pakhomo, zomangidwa ndi mabawuti odutsa, osati masikuluu okha.

Pansi pa mabedi ndi m'makabati boolani mabowo a mpweya. Ine m'malo mwa zitseko zina ndinaika nsalu ya zipi ndi timatumba ta ukonde, zopepuka komanso zopuma. Thabwa la pansi likhale lochotseka mosavuta kuti muziona pansi pa boti tsiku lililonse.

Ngati munapeza fomu yolimba yoyandamitsa boti kutsogolo kapena kumbuyo, musaichotse kuti mupeze malo osungira katundu. Ikakhala kuti yamwa madzi, ibwezeretseni ndi ina yosamwa madzi, kapena mabotolo apulasitiki otsekedwa bwino, othinitsidwa m'chipinda chotsekeka kuti asathawe boti likadzaza. Botolo la malita 2 limanyamula pafupifupi makilogalamu 2.

Pomangira gwiritsani ntchito masikuluu ndi mabawuti a stainless okha. A stainless ya mtundu wa A4 ndi abwino koposa, koma m'madzi athu opanda mchere a A2 amakwanira. Masikuluu akuda a siling'i amatulutsa dzimbiri nyengo imodzi yokha.

6. Magetsi ndi moto

Mawaya adutsitseni musanatseke makabati ndi musanapente. Akale onse zulani, musawadalire. Gwiritsani ntchito waya wofewa wa timawaya tambiri, osati wouma wa m'nyumba umene umathyoka ndi kugwedezeka. Adutse mmwamba, kutali ndi madzi a pansi, omangidwa pafupipafupi. Batire ya mavoti 12 ikhale m'bokosi lomangidwa ndi lamba, ndipo fyuzi yaikulu ikhale pafupi penipeni ndi mutu wa batire, pasanathe chikhatho chimodzi, kuti waya akakhudzana fyuzi ife boti lisanayake. Sola ya mawati 50 imakwanira mababu a LED, kutchaja foni ndi nyali za usiku.

Za kuphika ndinene mosabisa. Mbaula ya makala isalowe m'kachipinda, ngakhale kutazizira chotani mu Julayi. Utsi wake wosaoneka, wosanunkha, umapha anthu ali m'tulo. Gasi naye ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha amatsikira pansi pa boti n'kukhala momwemo kudikira kamoto. Silinda ikhale kunja, pamalo pamene gasi wodontha angatsikire kunyanja. Petulo wa injini chimodzimodzi, kunja. Pakhomo mangani chozimitsira moto pamene dzanja lingafike muli kunja kapena mkati.

7. Penti, makushoni ndi maneti

Pentani moyera. Kachipinda kakang'ono kamaoneka kotakasuka, sikatentha kwambiri, ndipo dontho lililonse la dzimbiri kapena chuku limaoneka msanga. Ngati munapaka epoxy, mutsukeni kaye ndi madzi ndi kasiponji, chifukwa akauma amasiya kautoto konga phula kamene kamakaniza penti. Kenako msasa, penti woyambira, ndi penti wa mafuta kawiri. Mlombwa upakeni vanishi kasanu, ulendo woyamba wosungunula pang'ono kuti alowe. Mukaona mtambo wa nkhungu ukubwera kuchokera panyanja, tsekani chitini, mudikire tsiku lina.

Kwa telala pitani ndi zikombole za katoni, osati manambala okha, poti m'boti mulibe kona yowongoka. Fomu ikhale yolimba, yochindikala masentimita 8 kapena 10. Kunsi kwa kushoni asoke nsalu yopuma, ndipo zipi ikhale yapulasitiki. Ine ndinasoketsa zikuto ziwiri: chamkati cha nsalu yolimba, chakunja cha chitenje chovula n'kuchapa. Mukamachoka m'boti, imikani makushoni chammbali kuti kunsi kuume.

Musaiwale udzudzu. Usiku wa pa gombe la Mangochi simungagone chitseko chili chotseka chifukwa cha kutentha, komanso simungachisiye pululu. Dulani neti molingana ndi khomo ndi chitseko chapadenga, telala asokerere m'mphepete zomata zija za velcro, kapena chingwe cholemera chimene chimagwetsa neti yokha.

8. Kulibwezera m'madzi

Musanalitsitse, pitani ku ofesi ya za maulendo a pamadzi ku Monkey Bay mukafunse za kalembera ndi kuyendera kwa boti lanu, ndipo majekete oyandamitsa akhale okwanira aliyense wokwera. Ngati mukufuna wina aone zingwe ndi mlongoti, nthawi yabwino ndi ya mwera, pamene oyendetsa maboti a thanga amasonkhana kuno kummwera pa mpikisano wawo wautali wolowera kumpoto. Ambiri a iwo sakana kuyang'ana boti la mnzawo.

Bwerezani mayeso a payipi aja kachiwiri, tsopano zonse zitamangidwa. Kenako tsitsani boti m'mawa kuli bata, mulimangirire pamadzi osaya, muchotse matabwa a pansi, mupukute mouma ndi chiguduli, ndipo mukhale momwemo ola lathunthu mukuyang'ana mabawuti a pansi ndi bokosi la pakati lija. Tulukani muliyang'ane muli patali ngati mzere wa madzi wafanana kutsogolo ndi kumbuyo. Likazama mbali imodzi, sunthani batire kapena zigubu mpaka liwongoke.

Usiku woyamba gonani momwemo pa nangula, pafupi ndi gombe, muli ndi ndowa, tochi, pensulo ndi kope. Lembani chilichonse chimene chikugogoda, pamene bondo lagunda, pamene mpweya sukufika, chinthu chimene mwachifuna mumdima osachipeza. M'mawa yalani pepala la nyuzi louma pansi pa boti, mukweze thanga laling'ono, muyende maola awiri mbali zonse ziwiri kuti boti lipendekere kumanja ndi kumanzere, ndipo pobwera muyang'ane pepala lija ngati lanyowa, ndi mbali iti.